Komiti Yandituma kwa Anthu a Nkhwangwa

Lolemba
Komiti ya mpingo yasankha ine. Akuti achinyamata athawa kwaya, akungokhalira gemu ya pa kanema wa a Jafali pa Chiringa. Ine mkulu wa mpingo ndiione, Lamulungu ndipereke lipoti, tiiletse. A Jafali andibwereka makina, sola ndi batire. Akuti, "Tengani bambo, koma ndi yaitali." Yaitali kwa ine, wopalasa njinga kuchokera ku Chilwa ndi matumba awiri a mpunga?
Dongosolo: ola limodzi patsiku, kulemba zoipa zonse, osasangalala.
M'gemumo ndine Mvaikingi, mzungu wamakedzana wandevu, nkhwangwa m'manja, tsitsi loluka ngati mtsikana wa sekondale. Zachabechabe!

Lachiwiri
Ndisewera ngati Mkhristu, osapha munthu. Ndikafika pamudzi wa eni ndikuima kaye pabwalo, koma batani loodira palibe. Andilasa katatu ndili chiimire. Anthu osaleredwa!
Koma bwato lake, abale inu! Athu a ku Chilwa aja ndi zipande. Opalasa akuimbanso bwino kuposa kwaya yathu. Izi sizilowa mu lipoti.
Maola atatu.

Lachitatu
Anthu a m'dziko limeneli ndi aulesi. Aliyense akundituma: uyu mphaka wasowa, uyu kalata, uyu mwamuna wake sanabwere ku mowa. Kuno mkamwini, ukonso mkamwini.
Mayi a kunyumba: "Nandolo akuthetheka kumunda, inu mukusakira mzungu mphaka?" Ndawauza kuti ndi ntchito ya Mulungu. Angoti mhm.
Mphaka ndamupeza. Ndaphanso anthu asanu ndi anayi, koma anayamba ndi iwo.

Lachinayi
Zavuta. Kuti ndimange mudzi wanga pakufunika matabwa ndi zitsulo, ndipo m'dziko lonseli zikupezeka malo amodzi okha: m'matchalitchi. Ndazungulira ndi bwato kawiri. Ndayang'anitsitsa zovala za ansembe ake. Si mpingo wathu.
Ndaliza lipenga.
Ambuye ndikhululukireni, denga lapsa lonse. Koma mudzi wanga tsopano uli ndi osula zitsulo, doko ndi mophikira buledi, zonse tsiku limodzi. Ife za denga la tchalitchi chathu tikukambirana chaka chachisanu.

Lachisanu
Matchalitchi anayi. Lachinayilo ndawotcha ndikuimba.
A Muhowa, mlembi wa komiti, abwera kudzaona pomwe lipoti lafika. Akuti aodira kasanu. Andipeza ndaimirira pampando, ndikukuwa kuti, "Mtemeni ameneyo!" Aonerera osakhala pansi mpaka nkhondo yatha, kenako atuluka osatsanzika. Pakamwa pa a Muhowa ndimapadziwa.
Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Ndikaiikira kumbuyo gemuyi, ukulu wa mpingo wapita. Ndikailetsa, anthu anga ndiwasiyira ndani?

Loweruka
Nzeru: ndiimalize lero, mawa ndikailetse ndi mtima woyera. Ndadzuka ndi nkhuku. Pofika masana mitambo yakuta phiri la Michesi, sola yagona, batire yafa mfumu ya adani itatsala pang'ono kugwa. Ndatsala pang'ono kulira.
Ndaimbira a Jafali kufunsa ngati ndayandikira kumapeto. Aseka mpaka kutsokomola. "Bambo, mwangotuluka kumene pakhomo."
Lipoti lili ndi mzere umodzi: "Okondedwa mwa Ambuye." Ndakathyola nandolo ngati wofedwa.

Lamulungu
Mapemphero atha, komiti yakhala. A Muhowa afotokoza zonse, achita kukwera pabenchi kuti aonetse bwino. Ine ndapempha miyezi itatu yoonjezera, pakuti kafukufuku sathamangira. Palibe wati amen.
Abusa: "Mbale wathu wavulala kunkhondo, apume kaye paudindo. Katundu uyu walemera nkhosa, akufunika m'busa."
Onse agwirizana. Makina ndanyamula ndekha panjinga mpaka kwa Abusa, ndalumikizanso ndekha mawaya. Abusa atseka chitseko, avula jekete, atsitsa mawu: "Ndikayamba pachiyambi, zanuzi zifufutika?"
Ndati eya, zonse, mudzi ndi anthu omwe.
"Pepanitu," atero, ndi kudina.