Mphindi Zisanu Osalankhula

Lolemba
Ndabwera ku kiliniki ya ku Zemba kudzachotsa chisonga kuphazi. A nesi andipima kuthamanga kwa magazi kaye: 168/102. "Sitigamula ndi tsiku limodzi, bambo. Mubwere mpaka Lachisanu. Koma tisanapime, mphindi zisanu chete." Kundiuza za magazi ine, wa zaka ziwiri za sayansi ku yunivesite! Cholinga: nambala itsike, ndisalembedwe m'gulu la omwa mapiritsi moyo wonse.

Lachiwiri
Malamulo: msana pampando, mapazi pansi, miyendo osasanjikiza, pakamwa potseka. Ndapirira mphindi imodzi. Kenako a Phiri, nkhalamba ya pabenchi, akuti kuthamanga kwa magazi kumabwera ndi feteleza. Bodza lotere lindidutse? 174.

Lachitatu
Mphindi zitatu! Lamba wa makina opimira akufinya mkono ngati nsato, n'kumasula pang'onopang'ono. Pakamwa ndatseka, koma mumtima ndikuzazira mphunzitsi amene anandilepheretsa mayeso kalekale. 171. A nesi: "Mukukangana ndi ndani m'mutumo?" Kamakina kochepa kuposa njerwa kandiulula!

Lachinayi
Mabatire atha. A nesi akupopa ndi dzanja, akumvetsera ndi zam'makutu zija. Ndikufunsa ngati akumvadi kanthu. Andiveka ine.
Du. Du. Du.
Mayo ine! Zaka makumi anayi ndi zisanu mtima wanga ukugwira ntchito muno, osapuma, osadandaula, osasiyira panjira ngati mwini wake. Ndipo ukukankha movutika, ngati ng'ombe pachitunda. Mphindi zisanu zadutsa osandiuza munthu.

Lachisanu
Malamulo onse ndasunga. A Phiri sindinawayang'ane n'komwe. 158/98. "Ndiye si pakamwa pokha," akutero a nesi. Akutchula impso, maso, kufa ziwalo. Akutchula bwino, ndafunafuna polakwa sindinapapeze. Khadi. Mapiritsi.

Loweruka
Mkazi wanga waviika kapenta kawiri, mchere wabisa. Ndiwo zikukoma ngati madzi a mvula. Akuti: "Chikwatirane, sabata ino ndiye ndamva kuti mumatha kukhala chete. A nesiwo sabwera m'makomo?"

Lamulungu
Kapiritsi n'kochepa kuposa njere ya thonje. Ndakayang'ana nthawi yaitali. Kanthu aka kakafike kumtima, kadziwe chochita, popanda digiri? Ndameza.
Mwezi wamawa ndili pabenchi ndi a Phiri. Za feteleza sanasiye. Ndidzakhala chete mphindi zisanu, andipime. Yachisanu ndi chimodzi ndi yanga.