Nyimbo imene ndinapekera mayi a Joana

Nkhani iyi sindimaikamba ndili wokondwa, ndipo mukaimva musafulumire kuseka, chifukwa munthu amene anaiwononga ndi Che Saide, osati ine.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi. Pafupi ndi kampu yathu panali holo ya mishoni, ndipo Loweruka lililonse apadiri ankationetsa filimu. Anali nayo imodzi yokha, yakalekale, ya azungu a zipewa zazitali. Ankati inayamba ngati sewero la pansanja, kenako anthu anaijambula. Munthu akuyankhula bwinobwino, mwadzidzidzi wayamba kuimba, msewu wonse n'kumavina naye, ogulitsa malonda ndi apolisi omwe. Ife amene tinasiya nyumba zikuyaka tinkangoti kukamwa yasa. Ndinkasesa holoyo kuti ndizilowa ulere, moti nyimbo zake zinandilowa m'magazi.

Tchimo langa ndi ili. Nyimbo imodzi ya mufilimumo ndinaivula Chingerezi n'kuiveka mawu anga: “Ukandisekerera iwe, ngakhale nandolo wa pakampu amakoma.” Ndinakaimbira mtsikana wina dzina lake Esinati, n'kumuuza kuti ndapeka ndekha chifukwa cha iye. Anandilola. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Insaca tili banja, ndipo nyimboyo inasanduka chuma cha pakhomo. Esinati ankatonthozera nayo mwana wathu Joana, ndipo kuchigayo ankauza amayi anzake kuti, “Anapeka ndi abambo akunyumba.” (Ine ndinkangokhosomola modzichepetsa.) Chimene ndinkaopa pa dziko lapansi n'chakuti adzadziwe kumene ndinaitenga.

Ndiye Che Saide, amene kale ankapalasa nsomba za ku Chiuta pa njinga, anatsegula kanyumba ka vidiyo pamsika. Tsiku lina ndikusanthula makaseti a karate amene anabwera nawo ku Cuamba, ndinangoona zipewa zija pachikuto. Ndinaifuna filimu ija ngati mmene munthu amafunira kwawo. Ndinapangana naye kuti aionetse Lachitatu masana, tsiku limene mayi a Joana amakazula chinangwa kumunda wakutali. Mwaona nokha kuti ndinakonza zonse mwanzeru.

Tinakhala pamabenchi ndi amalonda a nsomba, jeradoro yopereka magetsi ikulira kuseri. Filimu inayamba. Mayi wa mufilimumo atangotsegula pakamwa kuti aimbe, Che Saide anadina batani. Azungu onse anayamba kuthamanga ngati nyerere, nyimbo osamveka.

“Che Saide, mwatani?”

“Tikusunga gazolina wa jeradoro, achimwene. Pano pamene sakumenyana timathamangitsa.”

“Mufilimu imeneyi mulibe ndewu. Nyimbozo ndiye filimuyo.”

“Ndiye itha msanga,” anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Tamvani zimenezo. Kupha nkhuku, kutaya nyama, n'kutipatsa nthenga. Nyimbo yachiwiri anaidumpha. Yachitatu anaidumphanso, anyamata a nsomba aja akuombera m'manja poona magule othamanga. Titafika pa nyimbo yanga ndinadzuka n'kumugwira dzanja.

“Iyi yokha mukaidumpha, tionana.”

Ndinamuuza zambiri, zina zokhudza kusaphunzira kwake. (Zimenezo sindinapepesebe.) Iye anangoti, “Mwafuna nokha,” n'kukweza mawu mpaka pomaliza.

Chimene ndinaiwala n'chakuti a vidiyo amapachika chimkuzamawu panja kuti chiziitana anthu. Cha Che Saide chinali mumtengo wa mango, chitaloza pakati pa msika. Ine zimenezo sindinaziganize. Ndinali nditaimirira, maso nditatsinzina, misozi ili chuchuchu, ndikuimba za nandolo wanga pamwamba pa mzunguyo.

Potsegula maso, chiguduli cha pakhomo chinali chitakwezedwa. Panali mayi a Joana, dengu la chinangwa lili pamutu, ndipo kumbuyo kwawo amayi atatu a kuchigayo.

“Esinati, si nyimbo ya amuna ako imeneyi?” anafunsa mmodzi.

Che Saide, amene palibe anamufunsa, ananyamula chikuto cha kaseti m'mwamba. “Amayi, filimu iyi inajambulidwa bambowa asanabadwe.”

Popita kunyumba ndinkayenda kumbuyo. Titadutsa nyumba zomaliza za pamsika ndinati, “Mayi a Joana, ndiloleni ndifotokoze.”

“Mufotokoze chiyani? Loweruka lililonse ndinkagulitsa zitumbuwa pansi pa zenera la holo ija. Mumayesa ndinalibe makutu?”

“Ndiye munkadziwa?”

“Kuyambira tsiku loyamba. Ine ndinalola nandolo uja, osati mzungu wanuyo. Zaka zonsezi ndakhala ndikukunamirani kuchigayo kuti mukhale ndi ulemu. Lero mwakwera nokha mumtengo kukalengeza kuti wabodza ndine.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa anyamata a nsomba. Anawonjezera kuti nkhope yawo sakaionetsanso kuchigayo.

Kuyambira sabata imeneyo kuchigayo ndimapita ndine. Ndikangotula thumba, amayi aja amayamba kung'ung'udza nyimbo ija chapansipansi, maso ali kumbali. Munthu wanzeru akanangokhala chete n'kudikira ufa wake. Koma amaiphonya pamalo pokwera paja, ndipo zimandinyansa. Ndimawakonza.