Ndege ya ku Solwezi

Lolemba
Matikiti afika pafoni! Akulu anga a Mwaida abereka mwana wamkazi ku Solwezi, ndiye alamu atigulira ndege, ine ndi amai, Loweruka. Ine wa ku Kabwata, m'ndege! Tili ana, atate ankatikweza minibasi tikatuluka m'tchalitchi, kukaima kuseri kwa waya wa bwalo la ndege. Mwaida ndi chimanga chootcha, ine paphewa pawo, makutu nditatseka. "Imwe muzakakwela," ankatero. Iwo anapita kumanda osakwerako.
Zogula kumsika wa Kamwala: chikwama cha zipi yamoyo, wigi, nsapato zoti anthu aone.

Lachiwiri
Ba anti Tisa a ku Chelstone, alongo a atate, aponya kanema m'gulu la banja la pafoni. Injini ya ndege ikulavula moto kwinakwake kwa azungu. Pamwamba alemba: "Mulamu, onani!" Ndi omwewa anatenga wailesi ya atate pamaliro, ife misozi isanaume. Sindinaiwale. Ndafufuza nkhaniyo: injini imodzi inazima, ndege inatera ndi inzakeyo, onse anatsika ndi miyendo yawo. Ndawauza amai. Akuti eya, maso ali pamoto uja, chala chikubwezanso.

Lachitatu
Nkhani yanenepa. Kwa ba anti, injini zonse ziwiri. Kusaluni, phiko linathothoka. Kwa amai a tomato, inagwera pasukulu. Pa intaneti mutu wake zilembo zazikulu ngati zitseko, IMFA MUMLENGALENGA, koma pansi penipeni, tizilembo ngati nyerere: palibe anavulala.
Kale nkhani zinkabwera madzulo pawailesi ija. Atate akati "chete," ngakhale sipuni inkaima m'kapu. Wowerenga ankawerenga mosathamanga, akamaliza nyimbo, basi tikagone. Ndege ikagwa inkagwa kamodzi. Masiku ano ikugwa m'thumba la munthu aliyense, ngakhale yosagwa.

Lachinayi
Azimayi a kumpingo abwera kudzapempherera ulendo. Nyimbo zake za pamaliro zokhazokha! Wina akulira kale. Wina akuti, "Amai Phiri, mumwamba mulibe siteshoni, ikadwala muzaimilila pati?" Ndayankha kuti ndege zimadutsa pamwamba pa denga lawo tsiku ndi tsiku, inagwerapo iti m'mphika wawo? Amai andiponyera diso lija lomwe ankatiponyera m'tchalitchi. Tiyi ndawapangira. Shuga ndachepetsa dala.

Lachisanu
Amai ayala zitenje pabedi, akugawa. Chobiriwira cha Mwaida, cha paukwati wawo changa, "ngati sindibwelako." Chimanunkhabe sopo uja wa m'sutikesi ya atate. Ndachibweza.
Masana ba anti atulukira ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. "Muli shani, mulamu, nabwela chabe kutsazika." Kutsazika maso ali pamashini osokera! Ndakhalira mashiniwo mpaka anyamuke. Miyendo dzanzi.
Atapita, amai andiitana ndi mawu ofewa: "Mwana wanga, mdzukulu ndifuna ndimunyamule ndi manja awa. Tipita pa basi." Ndawaonetsanso anthu aja akutsika m'ndege, akuseka. Akuti amenewo ndi azungu. Ndakalirira kubafa, mpopi wotsegula.

Loweruka
Pasiteshoni ya mabasi ya Intercity. Basi ya "inyamuka manje manje" yanyamuka dzuwa lili pamutu. Wonyamula katundu waponda nsapato zanga zatsopano, ati "sole, ba sisita," n'kupondanso inayo. Pamiyendo panga thumba la kapenta la munthu wosamudziwa. Wigi ikuyabwa. Mlaliki wakwera, akupempherera matayala limodzilimodzi. Mwaida waimba: ndege yathu yatera kalekale, alamu aiona ndi maso. Ndazimitsa foni.

Lamulungu
Tili m'mbali mwa msewu kupitirira Kapiri. Injini ya basi inafa dzulo, utsi bii, tonse tinatsika tikukhosomola. Dalaivala ali kunsi kwake, tikuona mapazi okha. Palibe wajambula kanema, palibe woimba nyimbo. Ndayatsa foni kuti ndilembe m'gulu. Ba anti ayankha: "Ambuye alemekezeke, mwapulumuka ndege." Amenewa ndidzawakhululukira tsiku lachiweruzo, madzulo ake.
Mwana wa Mwaida mwina tikamupeza akukwawa. Amai akhala pachitenje pansi pa mtengo, akusenda mbatata yophika, nkhope yowala ngati apambana mlandu.
"Waona?" akutero. "Iyi ikafa, umatsika."
Ndatambasula dzanja. Andinyemera mbatata.