Kamtengo ka ku Joni ndi magalagadeya a make Saidi

Lolemba

Foni iwe, akuti ndikadina apa umamva n'kusunga mawu. Ine cholembera sindinachigwirepo, ndiye uzimvera.

Lero ndalandira alendo awiri. Woyamba wachokera ku Joni, kwa mwana wanga Asiyatu. Wabwera m'katoni ndi dalaivala wa minibasi ya ku Dwangwa. Ndimati ndi nsapato. Kutsegula, kamtengo. Kafupi ngati kapu ya tiyi, masamba onenepa ngati zala za khanda. Dzina lake Asiyatu wanditchulira pafoni, lilime langa lakana. Akuti kwawo n'kuchipululu. Akuti, "Amayi, musamakathirire, kamakhala popanda madzi." Mwana ameneyu wakhalitsa kunja. Chamoyo chanji chosamwa? Ndiye wakatumiza m'timiyala ndi mchenga, ngakhale dothi lenileni ayi.

Wachiwiri wabwera ndi make Saidi, mkazi mnzanga amene tinali naye pamitala kwa malemu amuna athu. Mbande ya magalagadeya, yowonda ngati ulusi. Akuti, "Akulu, dzalani pakhondepo, mudzapeze mthunzi ndi zipatso."

Koma malo ndi amodzi, pakhomo pomwe pankakhala mpando wa malemu. Lamulungu Asiyatu aimba ya vidiyo kuti aone mphatso yake. Ndikufuna aipeze pamalo aulemuwo, itakula. Komanso make Saidi asadandaule. Ndiye ndichita monga ankachitira malemu: chimene walandira uyu, uyonso alandire. Bambo aja chambo ankachidula cham'litali, kuti aliyense wa ife apeze theka la mutu ndi theka la mchira. Amene akule kwambiri pofika Lamulungu, malo ndi ake.

Lachiwiri

Ndawadzala m'ndowa zakale zofanana, dothi lakuda la kudambo la mpunga. Timiyala tija ndataya kuseri kwa bafa pamodzi ndi katoni, ndi tsamba lina lomwe linathothokera panjira. Umphawi umenewo kuno ayi.

Madzi, aliyense mtsuko wake m'mawa, wina madzulo. Zomwe ndaona:

Magalagadeya, kungothira, madzi aphwa. Akumwa ngati msodzi wagona panyanja wapeza tiyi wa ena.

Ka ku Joni, sikakumwa. Madzi angoima pamwamba, n'kumadziona nkhope.

Ine ndikukamvetsa. Mlendo woleredwa bwino amayamba wakana, iwe n'kumukakamiza. Ndathiranso. Kuti pasakhale nsanje, ndathiranso kwinako.

Lachitatu

Lero chakudya. Aliyense walandira:

manyowa a mbuzi,
phulusa,
madzi otsukira usipa.

Amphaka a mudzi wonse abwera kudzaonerera.

Magalagadeya atulutsa kadzanja kopotana, agwira kale nsanamira ya khonde. Palibe wawauza kuti agwire. Khalidwe la make Saidi lenileni limeneli. Anafika pabanja pano madzulo, kutacha akudziwa pomwe ndimabisa shuga.

Ka ku Joni kali phee. Ndakayeza ndi chala, n'chimodzimodzi dzana. Ndalankhula nako bwinobwino, kuti kuno n'kwanu, nyanja ndi iyo, imwani mmene mungathere, palibe akulipiritseni.

Make Saidi akudutsa ndi nkhuni pamutu: "Akulu, kanuko si kapulasitiki?" Atakhota ndakatsina. Katuluka madzi. Kamoyo ndithu.

Lachinayi

Kasintha mtundu. Masamba apansi achita chikasu, afewa ngati nthochi yoiwalika m'dengu. Ndi dzuwa la kuno ili, ngakhale abakha akuyenda kukamwa kuli yasa. Ndakamangira kachisakasa ka chitenje changa cha kuukwati. Wodwala amafunika madzi ambiri, kuchipatala amatero nthawi zonse. Ndawonjezera mtsuko.

Lamulo ndi lamulo, magalagadeya nawonso chitenje ndi mtsuko. Pofika masana atulutsa mutu pamwamba pa chitenjecho, akusuzumira kumsewu.

Msana ukuwawa ndi kutunga. Kumjigo ayamba kundifunsa ngati ndikuumba njerwa.

Asiyatu waimba. "Kali bwanji, amayi?" Ndati, "Kakuzolowera." Si bodza limenelo. Munthu akamazolowera dziko lachilendo amadwaladwala.

Lachisanu

Pochokera kumzikiti azimayi anditsatira kudzazonda wodwala. Ndayala mkeka, ndaphika tiyi. Akhala mozungulira ndowa, nkhope zachisoni, monga kuyenera.

Malangizo awo:

kathireni masamba a tiyi,
kaikeni pamphepo,
kachotseni pamphepo,
kakusowa kwawo, kabwezeni.

Kenaka mayi wina, uja amagulitsa zitumbuwa, wati aka n'kachibale ka alovera, ndipo chinthu chochokera ku Joni sichingakhale chokongoletsa chabe, ndi mankhwala. Basi, aliyense dzanja. Wina tsamba la bondo, wina la chipere cha mdzukulu, wina akuti akasunge, matenda sadziwika. Ndikanakana bwanji, anthu abwera kudzandipepesa? Katsala ndi timasamba tapamutu tokha, ngati nkhuku yososola.

Magalagadeya palibe wawapatsa moni. Atulutsa masamba ena atsopano, owala ngati apakidwa mafuta. Ndawakwiyira, koma n'ngokongola, ndisaname.

Loweruka

Ndadzuka ndi fungo. Ndimati ndi chinangwa cha kondowole chomwe anansi aviika. Ayi, ndi mlendo wanga. Ndagwira tsinde kuti ndikawongole, latsalira m'manja.

Mawa Asiyatu. Maganizo anga:

kukaimika ndi kandodo n'kuonetsa patali,
kukafunditsa chitenje n'kunena kuti kagona,
kunena kuti netiweki yavuta.

Mwanayu anakasankha yekha m'sitolo, kukakulunga, kukatumiza ulendo wonse uja, kuti mayi ake akhale ndi kanthu kake pakhomo. Ine n'kukaphika ngati ndiwo.

Make Saidi abwera, ayang'ana m'ndowa, sanaseke. Akhala pansi. Ndawafotokozera kuti sindinakondere, zonse ndagawa mofanana monga malemu.

Akuti, "Akulu, ndinene?"

Ndati nenani.

"Ine mutu wa chambo sindiukonda. Zaka zonse zija theka langa ndinkapatsa mphaka."

Ndati, "Inu! Ine ndinkaulira mutu wonse. Mchira ndinkangodya kuti malemu asakhumudwe."

Taseka mpaka kugwirana mapewa, misozi mbwee. Bambo aja, Mulungu awakhululukire, ankanola mpeni monyada, kuyeza nsomba ndi diso limodzi, ndipo wokhuta pakhomo pano anali mphaka.

Lamulungu

Asiyatu waimba. Foni agwira make Saidi. Za kandodo zija ndazisiya, ndangoonetsa ndowa.

"Amayi, munathirira?"

"Pang'ono."

Make Saidi: "Pang'ono? Nyanja yatsika, mabwato ali pamchenga."

Asiyatu wawerama. Ndimati akulira, kani akuseka atatseka pakamwa. Kenaka akuti, "Amayi aang'ono, timiyala tija tilipo?" Tapita naye m'manja kuseri kwa bafa. Katoni ili pomwepo. M'kati, pa timiyala, tsamba lija ndinataya Lachiwiri. Silinafote. Latulutsa timizu tofiirira ngati tsitsi la mwana wobadwa kumene. Lopanda manyowa, lopanda usipa, lopanda chitenje, ngakhale kulifunsa kuti mwadzuka bwanji.

Asiyatu akuti, "Kamtengo kanu ndi kameneko. Musakakhudze, musakathirire, azimayi a kumzikiti asakaone."

Ndiye zatha choncho. Malo a pakhomo atenga magalagadeya, tawadzala masana ano. Make Saidi abweretsa kale kampando kawo, akuti akudikira mthunzi. Mwamuna tinagawana, mthunzi tigawananso, ndatopa n'kulimbana nawo. Chambo cha lero tadula chopingasa: mutu wonse wanga, mchira wawo. Mphaka watiyang'ana ngati tamubera.

Katsamba kaja kali pazenera, pa timiyala take touma. Posachedwapa ndadutsa pomwepo ndi kapu ya madzi. Ndaima. Kakuoneka kaludzu, ine ndikudziwa. Make Saidi atsokomola pakhonde.

Ndamwa ndekha.