Ndinayenda M'nyumba Isanamangidwe

Sekani, a Phiri, sekani mpaka mano otsalawo agwe, koma ine ndanena ndipo sindibweza. Ndinayenda m'nyumba yanga ya ku Sizinda, kuno ku Bulawayo, njerwa yake ngakhale imodzi isanafike, ndinalowa zipinda zonse, ndinakwera pamwamba, ndinagwa, ndipo lero ndili nanu pabenchi pano. Amene akuti ndi bodza aimirire, atiuze ngati iye analipo.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wanga Tamanda, uja anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, anafika Loweruka lina m'mawa ndi laputopu yake, akuti akufuna kugwetsa zipinda ziwiri zakumbuyo zimene ndinamanga ndi manja angawa kuti pakhale nyumba yosanja, ndipo omanga anali atawauza kale kuti ayambe sabata yotsatira, kunangotsala mawu anga. Ndinakana. Ine ndagwira levulo pomanga nyumba zaka makumi anayi, kuyambira ku Mzilikazi mpaka kumayadi, ndipo pepala sindilikhulupirira, nyumba ndimaidziwa ndi mapazi.

"Ndiye yendanimo, baba," anatero Tamanda ndi Chichewa chake chotsimphina chija.

Anandikhazika patebulo, natsegula nyumba yojambulayo pa laputopu, nandionetsa mabatani anayi a mivi: ili kupita kutsogolo, ili kubwerera, awa kukhota. Nditangodina kamodzi ndinapezeka ndaima pageti, koma mwanayo anali atalakwitsa msinkhu wanga, anandipanga wamtali kuposa mitengo ya magetsi, moti ndinkaona madenga onse a ku Tshabalala, njanji yonse, mpaka phiri la ku Dedza kumene bambo anga anachokera, ndi mbuzi zili kudya m'mbali mwake. Mukumva? Nditadandaula, anadina kanthu kena, ndinasanduka wamfupi ngati mphemvu, sitepe ya pakhonde ikuoneka ngati khoma la damu. Kachitatu ndiye anandibwezera msinkhu wa munthu, ine mtima utakwera kale, chifukwa munthu wa zaka zanga samutambasula ndi kumufinya ngati lasitiki.

Ndinalunjika pakhomo, koma chala changa n'chachikulu, chinadina mabatani awiri nthawi imodzi, ndiye m'malo molowera pachitseko ndinaomba khoma, ndipo khomalo, a Ndlovu, linandilola, ndinangodutsa ngati utsi, ndinaona m'kati mwake mulibe njerwa, mulibe simenti, ndi mphako yokhayokha, ndinatulukira m'bafa, kuchoka m'bafa ndinaboola kabati, kuboola firiji, kuboola bedi, mpaka ndinaima pakati pa balaza wopanda bala ngakhale limodzi. Ndani wa inu anadutsapo khoma la mainchesi naini? Musandiyang'ane choncho, ndikufunsa.

Pabalazapo ndinapeza mlendo, bambo wa malaya oyera, manja m'thumba, waima pafupi ndi zenera la nyumba yanga. Ndinamupatsa moni m'Chichewa, sanayankhe. Ndinati salibonani m'Chindebele, sanayankhe. Ndinayesa mpaka Chilapalapa chimene bambo anga ankalankhula kumgodi, iye duu. Ndinamuzungulira kuti ndimuone kumbuyo, naye ankangotembenuka kundiyang'ana, ndinathamanga, naye anazungulira mothamanga, ndipo nditamupezerera cham'mbali ndinaona kuti munthuyo ndi wopyapyala ngati lezala. Tamanda akuti ameneyo amamuika kuti aziyezera kutalika kwa denga. Ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga simukhala munthu wosayankha moni, amuchotse. Anamuchotsa ndi chala chimodzi, osamupatsa ngakhale notisi.

Kukhitchini ndinayesa mpope, munalibe madzi, ndipo apo ndinavomera kuti nyumbayo ndi ya ku Bulawayo ndithu. Koma chipindacho chinali cha mdima, ndiye ndinalamula dzuwa. Inde, dzuwa. Ndinati libwere m'mawa, linabwera, ndinati lipite masana, linapita, ndinalitulutsa ndi kulilowetsa kasanu ndi kawiri tiyi wanga asanazizire, mwezi wa Juni ndi wa Okutobala zonse ndinaziika m'mphindi imodzi, mpaka mwanayo anavomera kuti zenera lili mbali yolakwika. Lizikhala kummawa. Zimenezi wina anapita nazo kukoleji zaka zinayi.

Kenaka ndinakwera masitepe, ndinafika pakhonde lapamwamba, ndipo apa ndi pamene anafuna kundipha. Sanaikepo chotchinga. Chala chinali chikadali pabatani, ndinaponda m'malere, ndinagwa, koma nthaka sinandigwire, ndinaiboola, ndinapitirira, ndikuyang'ana m'mwamba ndikuona nyumba yonse chapansi pake, ili lende popanda maziko, mipando ikuoneka kumiyendo, ikuchepa, ikuchepa, mpaka inangokhala ngati bokosi la machesi, ine ndikugwabe m'dziko lotuwa lopanda pansi, ndinadutsa kuya kwa migodi yonse imene makolo athu anakumba m'dziko muno, ndipo ndikanakhala ndikugwa mpaka lero mwanayo akanapanda kusiya kuseka n'kundikoka. Mukumva? Ine ndikugwa, iye akupukuta misozi ya chiseko.

Atandibwezera m'nyumba ndinati tsopano masewera atha. Ndinayenda pang'onopang'ono kuchokera kuchipinda chimene anati ndi changa, chapansi, kulowa m'kolido, kukhota kupita pabalaza. Ndinabwerera. Ndinayendanso. Kachitatu ndinaima pokhotera paja.

"Apa m'lifupi mwake ndi bwanji?"

Anandiuza.

"Nanga bokosi lidzakhota bwanji?"

"Bokosi lanji, baba?"

"Langa."

Chiseko chinatha. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno munthu amalowa m'nyumba mwake komaliza asanapite kumanda, ndipo munalipo tsiku lija tinachita kuchotsa felemu ya chitseko kwa malemu a Mwale, anthu akuimba panja, ife tili ndi hamala m'manja. Ine zimenezo ayi. Ndinamuuza kuti amuna asanu ndi mmodzi atanyamula munthu sangapinde ngati njoka, ndipo sindilola kuti tsiku langa anthu adzandiimike chilili pakona ngati wadiropu. Tamanda anakokera laputopu kwa iye. Kenaka anajambula bokosi, kutalika kwanga ndendende, nalikankha m'kolidomo, ndipo linakakamira pakona pomwe ndinanena. Sanandiyang'ane. Anagwira khoma ndi kachala, nalisuntha, khoma lathunthu limene ine ndikanaligwetsa masiku awiri, bokosi linadutsa bwinobwino.

"Mwapambana, baba. Koma musafulumire kuligwiritsa ntchito."

Ndinavomera kuti omanga abwere. Zenera lili kummawa, khonde lili ndi chotchinga, kolido ndi yotakata, pitani mukayeze nokha.

Tsopano, popeza Tamanda akumauza akazi anu nkhaniyi mwa njira yake, ndinene ndekha musanaimve kwina. Akuti zodutsa m'makomazo si mphamvu zanga, aliyense amadutsa, iye anangoiwala kuchonga kabokosi kena kolimbitsa makoma. Chabwino. Atakachonga ndinati ndiyendenso komaliza, ndinalowa m'chimbudzi chapansi, ndipo ndinakanika kutuluka. Ndikadina uku khoma, ndikadina uko khoma, ndikabwerera m'mbuyo ndikuona denga, theka la ola lathunthu mphuno ili pakona, iye atapita kukagula buledi, mpaka anachita kudzanditulutsa.

Sekaninso, a Phiri. Koma mundipezere munthu wina mu Bulawayo yense amene anatsekeredwapo m'chimbudzi chisanakumbidwe.