Kwa Bwana Amene Anayeretsa Zitosi Zathu

Mitande, Mandimba
Febuluwale 1996

Kwa Olemekezeka Senyolo Diretolo,
Polojeto Dzira la Mawa,
Cuamba.

Bwana wathu,

Ndikulemba kalata ino nditagwada, ngakhale mawondo anga anatopa nako kugwada. Ndine Mwanahawa Bacar, mmodzi wa amayi amene munawapatsa nkhuku za mazira titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Simungandikumbuke, ndipo sindikudandaula. Tsiku munabwera lija tinali ambiri, tonse titavala nsalu zofanana, inu maso ali kwa wojambula zithunzi. Ndalemba kuti ndithokoze, poti pa msonkhano uja sanandipatse mpata.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nkhukuzo. Zimaikira, sindinganame. Tinapeza minda itasanduka tchire, mbuzi zonse zitathera m'mimba mwa asilikali, ndipo adubu, feteleza wa m'matumba uja, ndi wa anthu okwera galimoto. Ndiye tekiniko wanu, mlangizi uja bambo Fanuel, atatiuza kuti zitosi za nkhukuzi ndiye adubu wathu, ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga Ismaeli, amene anatsalira pa esiteti ya fodya ku Namwera, kuti abwere kwawo, munda wa malemu bambo ake utidyetsa. Anabwera ndi mkazi wake ndi khanda. Ismaeliyo ndi mwana yekhayo amene nkhondo inandisiyira.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ulendo wanu wa mu Okutobala. Mwina simudziwa, poti inu mumafika zinthu zitayera kale, koma kuno kukamabwera mlendo wamkulu timapaka njereza chilichonse chimene sichingathawe: miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo ya mango kulekeza m'chiuno, ngakhale chitsa. Titamaliza, njereza inatsala yambiri. Bambo Fanuel anayang'ana mulu wathu wa zitosi, umene tinauunjika pamthunzi n'kuufunditsa udzu, ndipo anaganizira mphuno yanu. Analamula kuti tiufukule, tiuyanike padzuwa, tithiremo njereza yotsalayo n'kumatembenuza tsiku ndi tsiku. Fungo limene linatuluka, bwana, linkabaya m'maso. Tinkatembenuza misozi ili chuchuchu, iwo ataima patali, mpango kumphuno, akutilimbitsa mtima kuti amenewo ndi matenda akuchoka.

Pofika tsiku lanu muluwo unali mbuu, wopanda fungo, waulemu wake. Munautapa ndi chala, munanunkhiza, n'kulengeza kuti awa ndiye manyowa amakono, ndipo magulu onse a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba azikonza chonchi. Anthu anaomba m'manja. Nthungululu ija munaimva kumbuyo inali yanga.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha chimanga cha mtundu watsopano. Cha makolo athu chinkakhala chobiriwira, chachitali, chobisa mbava. Cha chaka chino ndi chachikasu kuyambira masamba a m'munsi, ndipo chamasula ngaiyaye chili m'mawondo. Munthu ukaima pakhomo ukuona munda wonse mpaka kumalire. Anyani, amene chaka chilichonse timakangana nawo, akungodutsa osacheuka. Mvula inagwa bwino ndipo tinapalira pa nthawi yake, choncho ulemu wonse wa chimanga chimenechi ndi wanu, sitingaugawire Mulungu kapena ulesi wathu.

Chachinayi, zikomo potitumizira dona Carla, tekiniko wanu wachiwiri, kuti adzaone chimene chavuta. Anayang'ana masamba, anatifunsa mmene tinakonzera manyowa, kenaka anakhala pansi pa umodzi wa miyala yoyera ija atagwira mutu. Anatifotokozera kuti m'zitosi muli chinthu chotchedwa nayitirojeni, chimene chimabiriwiritsa chimanga, ndipo njereza ndi dzuwa zimachisandutsa mpweya. Fungo lija linkatiliza sanali matenda, chinali chakudya cha chimanga chikutsanzika. Ndiye kuti masiku onse aja tinkachithamangitsa tokha, ndi makasu athu, mokondwera. Ndinawafunsa ngati chimabwerera, poti ifenso tinathawa koma tinabwerera. Anati ayi.

Dona Carla analonjeza kuti akakuuzani zonsezi. Tikukhulupirira kuti anakuuzanidi, chifukwa tamva kuti mwawasamutsira kutali ku Lúrio, ndipo chikwangwani chanu cha manyowa amakono chikadaimabe pa khola lathu.

Pali kanthu kamodzi kamene kamanditonthoza. Masiku tinkatembenuza aja mphepo inkalowera cha ku Cuamba. Anthu amene amapita kumeneko pa chapa, timaminibasi tija, akuti kapinga wa pa ofesi yanu ndi wobiriwira zedi, ndipo ogwira ntchito anu masaya adzaza. Sindikuloza munthu chala. Ndikungosangalala kuti mwina nayitirojeni wathu sanatayike, anangopita kumene zinthu zathu zonse zimapita.

Apa mundilole ndiimirire pang'ono. Ismaeli wamanga kale katundu. Akuti Idi ikangodutsa akubwerera ku Namwera ndi banja lake, chifukwa mwana sangakule ndi zithunzi za polojeto, ndipo mazira a gulu tikagawana sakwana n'komwe kudyetsa khomo. Sandinena, bwana, ndipo chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri. Amangoyang'ana mundawo, n'kuyang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Ndine ndinamuitana. Ndinamuchotsa pa ntchito ndi mawu anu, ndipo ndikuchita manyazi pamaso pa mwana wanga ndi mpongozi wanga. Ndakwiya, ndipo kusala kudya kwa mwezi uno sikukuchotsa mkwiyowo.

Ndagwadanso. Tamva kuti mubweranso nthawi yokolola, ndi wojambula wanu, kudzaona zipatso za nzeru zanu. Ndili ndi zopempha ziwiri zokha, zazing'ono. Nkhuku sizinasiye ntchito yake, mulu watsopano ukukula, ndipo taufunditsanso udzu pamthunzi. Tiloleni, chonde, uwole mwa chikale, mopanda ulemu, ndipo mphuno yanu yolemekezekayo muisiye ku Cuamba ipumuleko, yagwira ntchito yokwanira. Chinacho, tiuzeni tsiku lanu nthawi ikadalipo. Miyala ya kutsogolo kwa nyumba yanga idzayera monga mwa mwambo, musade nkhawa, koma idzatenga nthawi, chifukwa ndidzakhala ndikupaka ndekha.

Ine wanu wogonjera, amene anakuimbirani nthungululu,

Mwanahawa Bacar