Mdipiti wa a Harold

Lolemba, 13 Okutobala 2014

Nkhani yoipa ku ntchito, ku nyumba yathu yosungira okalamba kuno ku Amereka. A Harold akuchoka Lamulungu. Mwana wawo Linda akuwasamutsira ku South Bend, ku nyumba ina yosungira okalamba, pafupi ndi kwake. Zaka zonsezi ndikuwasambitsa ndi kuwaveka masokosi, nkhani ndikuimva kwa mayi wokolopa.

Ndikuwameta ndevu, iwo maso ali pawindo. "Mnyamata, ndisanapite ndikufuna ndilione dera langa komaliza." Mnyamatayo ndine, wa imvi, wa mwana ku koleji.

Munthuyu anali phungu. Phungu weniweni wa Nyumba ya Malamulo ya Indiana, woimira Beech Grove ndi mbali zozungulira, kale ine ndili ku pulayimale. Muno palibe akudziwa. Manesi amangoti "a chipinda chakumapeto". Kwathu munthu akalowa m'Nyumba kamodzi amafa ali Olemekezeka, ngakhale kuti zaka zisanu zonse ankangosinza. Kuno amamufunsa pagulu ngati wapita kuchimbudzi lero.

Pulani ya Loweruka, tsiku langa lopuma:
- ine, iwo, galimoto
- geti la fakitale yokonza sitima zapamtunda, pomwe ankapereka moni wa chanza m'mawa nthawi ya kampeni
- sitolo yawo yakale ya misomali ndi penti
- msewu womwe anamangapo nyumba
- khofi, n'kubwerera asanatope

Linda pa foni: "Chabwino, bola mwakachetechete. Mtima wawo suli bwino." Adzasayina chilolezo Lachisanu akabwera kudzalongedza.

Zophweka!

Lachiwiri, 14 Okutobala

Vuto loyamba. Wilitcheya ya a Harold sikulowa m'kagalimoto kanga. Ndayesa pa buleki: chopinda, chopingasa, chozondotsa. Ayi ndithu. Pakufunika vani.

Pa nkhomaliro iwo akundipatsa mbiri, ine ndikuwapatsa supu. Akuti kale kuno kunali minda ya chimanga ndi tinyumba ta amuna ogwira ntchito ku sitima, basi. Onsewo ankavotera chipani cha bulu monga ankachitira makolo awo, osafunsa n'komwe dzina la munthu. Dziko lolemera chonchi, zipani ziwiri zokha, china chizindikiro chake bulu, china njovu. A Harold ndi a bulu mpaka imfa.

Kenako minda inagulidwa. Nyumba za magalaja awiriawiri zinamera, anthu othawa m'tauni anafika ndi makina otchetchera kapinga ndi mavoti a njovu. "Komabe ndinapambana katatu, mnyamata." Mwezi watha anati kanayi.

Ndikufunsa za galimoto ya boma, za mlonda, za mabokosi a maliro. Akuseka mpaka kutsamwa. Akuti uphungu kuno ndi ganyu: miyezi yozizira ku Nyumba ya Malamulo, chaka chotsalacho kugulitsa misomali. Palibe anawagogoderapo m'mawa kudzapempha fizi ya mwana. Nanga ankawavotera chifukwa chiyani?

Ndikaweruka ndikuimbira a Nyirenda, wapampando wa gulu lathu la Amalawi muno mu Indianapolis. Ndiwo eni vani. Ndikanangonena kuti ndikufuna kunyamula matiresi. Koma pakamwa pangapa!

"Phungu? Achimwene, mwakhala mukusambitsa phungu nokhanokha osatiuza?"

Vani yapezeka. Mawu awo sakundisangalatsa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Foni ikunjenjemera m'thumba kuyambira m'mawa. Pa gulu lathu la pa foni patuluka chidziwitso: ULENDO WOIMAIMA WA OLEMEKEZEKA A HAROLD, LOWERUKA LINO. Komiti yapangidwa ine ndikusintha mashiti a bedi:
- a protokolo
- a zakudya
- a nyimbo
- a mdipiti (galimoto zonse zibwere zotsuka)
- ine: "wokankha Olemekezeka"

Ndikulemba kuti mwana wawo akufuna zachete. A Nyirenda: "Zachete? Munthu anali m'boma ayende ngati akukagula buledi? Azungu amutaya, ife sitimutaya."

Apa ndi pofunika kukana. Sindikukana. Chifukwa china, vani ndi yawo. Chifukwa china, ndikufuna ndimve kamodzi kokha anthu akuwatchula Olemekezeka ine ndili pomwepo.

A mdipiti akufuna malire a dera kuti akonze njira. Ndikufunsa mwini wake. "Dera liti? Ndinali nawo atatu, dzina limodzi." Akujambula pa tebulo ndi chogwirira cha supuni. Akuti zaka khumi zilizonse, kalembera akatha, chipani chomwe chili ndi mphamvu chimatenga mapu ndi pensulo. Poyamba dera lawo linali ngati mbale. Kenako ngati nsapato. Komaliza ngati buluzi wopondedwa ndi njinga: tinyumba ta a sitima anatidula pakati, theka kuno theka uko, n'kuwonjezerapo a magalaja awiri aja. Anagona ali phungu wa anthu omwe ankawadziwa ndi maina a agalu awo omwe, n'kudzuka ali wa alendo. Chisankho chotsatira anagonja.

"Sanabe voti ngakhale imodzi, mnyamata. Anangosuntha mzere."

Kwathu anthu amavutika kunyamula mabokosi a mavoti mobisa. Anzathu pensulo, masanasana, atavala tayi.

Akuti nyumba tikukhala ino nayo inatuluka m'deralo atasunthanso mzere ulendo wapitawu. Ndajambula buluzi uja pa pepala n'kutumizira a mdipiti. Ayankha kuti adzangotsatira vani.

Lachinayi, 16 Okutobala

Nkhondo ya nsalu.

Mayi Nachisale, apampando a zakudya ndi a nyimbo omwe, akuti phungu salandiridwa ndi amayi ovala majini. Pafunika nsalu yofanana. Ndikuwauza kuti mtundu wa chipani cha bulu ndi wabuluu. Moto wabuka.

- Buluu: theka la amayi akuti bola kufa. Kumudzi chisankho changochitika mu Meyi, mabala adakali aawisi.
- Chobiriwira: theka linalo akuti nawonso bola kufa.
- Chikasu: akuti anavula kalekale, asawakumbutse.
- Lalanje: aliyense akulumbira kuti sanavalepo chibadwire.

Ku sitolo ya ku Lafayette Road kuli chofiira chambiri, chotchipa. Mayi Nachisale: "Chofiira chili pa mbendera, n'cha tonse. Ndiye mzungu wokalamba aziona zimenezo?"

Ndikulemba ndi zilembo zikuluzikulu: CHOFIIRA KUNO N'CHA NJOVU, ADANI AWO. Uthenga wanga ukumira pansi pa mkangano wa mandasi kapena masamusa. Anthu omwewa amawerenga malangizo a mankhwala a odwala osaphonya kadontho. Pofika madzulo nsalu yagulidwa, yadulidwa, yagawidwa.

A Harold sakudziwa chilichonse. Akuti ndiwatulutsire jekete la bulauni ndi tayi, ndipereke kochapira asite. Adya chakudya chonse, ndi nyemba zomwe, zimene amazikana chifikireni changa muno.

"Sindikufuna kulankhula ndi munthu, mnyamata. Ungoyendetsa pang'onopang'ono, ine ndiziyang'ana."

Ndikuti inde. Ndikupukuta tebulo loyera kale.

Lachisanu, 17 Okutobala

Zathina.

A protokolo apeza chithunzi cha a Harold ali ndi tsitsi, cha m'nyuzi yakale. Achiika pa chikwangwani chofiira psuu, pamwamba OLEMEKEZEKA, pansi dzina la nyumba yathu ino ndi nthawi yonyamukira. Aposita paliponse. Chisankho cha kuno chatsala masabata ochepa. M'mawa uno bambo wina wothandiza kampeni ya njovu waimbira Linda kuthokoza banja lonse kuti nkhalamba yaona kuwala pomaliza.

Linda wandipeza m'khonde, makatoni ali m'manja. Sakukalipa. Bola akanakalipa.

"Ndinati mwakachetechete."

Ndikupempha. Ndikuti komiti ndiithetsa, vani ndiibweza, ndibuka takisi ya olumala ndi ndalama zanga, tipite atatu iyeyo ali pomwepo. "Bambo satuluka pakhomo lino mpaka Lamulungu." Chilolezo chabwerera m'chikwama osasayina.

Kenako ofesi ya abwana. Akundikumbutsa mwaulemu kwambiri kuti za okhala muno sitinena kunja. Kalata ya chenjezo, yoyamba chibwerereni ku Amereka. Ndasayina ndi cholembera changa.

Zoyenera kuchita tsopano:
- kuuza komiti
- kuuza a Harold

Komiti ndaiuza.

Jekete labwera kochapira, alipachika pa chitseko pomwe akuliona bwino. "Mawa nthawi yanji, mnyamata?" Ndikuti tiona nyengo. Pa wailesi yakanema yomwe ili pamwamba pa mutu wanga mtsikana akulonjeza dzuwa tsiku lonse.

Loweruka, 18 Okutobala

Dzuwa tsiku lonse.

A Nyirenda pa foni: "Kukansela? Achimwene, mpunga waphikidwa, anthu asinthitsa mashifiti, ena achokera ku South Bend. Tikawaimbira pawindo pomwepo."

Ndikuthamangira komwe asonkhana kuti ndikaletse. Ndikupeza anyamuka. Ndikukhala galimoto yomaliza ya mdipiti umene ndikufuna kuuletsa.

Kunena zoona, ndi mdipiti wokongola. Magalimoto owala, magetsi akuphethira, mahutala, nsalu zofiira zikupepeluka m'mawindo. Azungu akusiya kusesa masamba n'kuima ndi mareki m'manja. Ana athu m'mipando ya kumbuyo abisa nkhope, akudandaula m'Chingerezi. Tikudutsa misewu yomwe ndikuganiza kuti ndi mchira wa buluzi uja. Palibe akudziwa.

Pa nyumba ya okalamba tikuzungulira poimika galimoto pang'onopang'ono. Amayi akutsika. Nthungululu! Nyimbo ya kampeni yakumudzi, dzina lokha asintha. A Nyirenda akukuwa "Olemekezeka!" katatu, kuloza windo lolakwika. Nkhalamba ya m'chipindamo ikubayibitsa mosangalala.

Ine ndatsetsereka mu mpando, ndikusuzumira pansi pa chiwongolero. Windo lakumapeto. Mtsikana wa shifiti ya Loweruka wawaveka monga anamuuzira: jekete, tayi, chipewa pa maondo. Akhala pamenepo kuyambira m'mawa kudikira ine.

Ndamva ndithu akuwatchula Olemekezeka. Sizikukoma.

Mlonda watuluka, tabalalika. Mpunga wadyedwa ku paki. A Nyirenda pa zolankhula zawo andithokoza ponditchula dzina kuti maganizo onsewa anali anga. M'manja mwawombedwa. Aliyense akuti mwambo wayenda bwino kwabasi, tizichita chaka ndi chaka.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Kumeneko kuli komiti.

Si tsiku langa la ntchito, koma ndabwera kudzanyamula makatoni. Linda akundilozera ndi chibwano chomwe ndinyamule. Ndakonza mawu opepesa m'galimoto njira yonse.

A Harold ali maso gwa, tsitsi lopesa. "Mnyamata, sunabwere dzulo. Waphonya! Anjovu anabwera. Magalimoto mbwee, mbendera zawo, kudzandiseka pawindo penipeni. Ndinawaonetsa chibakera." Akundionetsa chibakeracho.

"Anzanga a bulu palibe ndi mmodzi yemwe anapondapo muno. Koma awa akundiopabe. Ndipo masiku ano ali ndi kwaya yabwino."

Mawu opepesa aja ndawameza. Ndikuti inde bwana, akukuopani kwambiri.

Ndikuwakweza m'galimoto ya Linda, ndikuwamanga lamba. "Ulendo wathu uja tiuchite sabata yamawa." Ndikuti inde. South Bend ndi kutali, ndipo mtima wawo tonse tikuudziwa.

Ndikuwerama pa windo la Linda. Ndikuti akadutsira pakati pa Beech Grove sataya nthawi yambiri, geti la sitima lili pa njira pomwepo. Akundiyang'ana, akukweza galasi. Pa mphambano akukhotera ku msewu waukulu.

Ndabwerera m'chipinda chakumapeto kukavula bedi, ngakhale si ntchito yanga lero. Mawa mulowa munthu wina, bambo wa ku Indianapolis konkuno. Ndidzamusambitsa, ndidzamumeta. Sindidzamufunsa kuti kale ankagwira ntchito yanji.